Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika: za amp ndi woofer mu motoka

Lelo ndinafuna kukamba za matayala a salaula, koma nkhani ina yandilowela m'nyumba, ndipo mpaka manje ikali kununkha utsi.

Mwana wa mlongo wanga ayendetsa Corolla ya taxi. Motoka si yake, ni ya bwana wina, iye angopeleka cashing Loweluka lililonse. Mwezi watha anasunga tundalama, anagula amp ndi woofer ya 12 inchi mu town, ati ma customer a usiku akonda nyimbo. Anyamata a pa shopu anamumangila zonse mu ola limodzi chabe. Anafika kwanga ku Kabwata mawindo onse ali pansi, number plate ili kunjenjema, agalu a mu yadi onse kukuwa.

"Ba uncle, mwaimvela? Ni 3000 watts iyi!"

Ine ndinangogwedeza mutu, ndinalowa m'nyumba kukadya nsima. Apo ndipo ndinalakwa. Ndikanatsegula bonnet tsiku lomwelo.

Patapita masabata awili, usiku, foni inalila. "Ba uncle bwelani, motoka ichoka utsi." Anali pa Great East Road, ndipo kumbuyo ananyamula mzimayi ali ndi mwana wakhanda. Mwayi wake anali ndi spanner ya 10 pafupi, anathamanga kumasula batili moto usanagwile mipando. Pamene ndinafika ndinapeza carpet ya kumapazi yapsa, nthambo yofiila yasungunuka kuchokela ku bonnet mpaka pansi pa dashboard. Ndinaitsatila ndi tochi ya foni kuchoka pa batili. Panalibe fuse olo imodzi.

M'mawa mwake tinaikokela kwa mudala wina wa ma waya ku Garden, amene wakhala asebenza pa malaiti a motoka kuchokela kudala. Anayang'ana, anaseka pang'ono, anati: "Imwe bana, mugula chongo, simugula nthambo." Zimene tinachita tsiku lija pomanganso zonse ndizo ndikupatsani pano, kuti inu mukapita kukamangitsa muziimilila pambali ndi maso, osati kukhala pa bench kuseweletsa foni.

Ma watts a pa bokosi

Tiyambe ndi 3000 ija. Pa katoni alemba nambala yaikulu ndi zilembo zofiila, pambali pake pali mau akuti Max, Peak kapena PMPO. Nambala imeneyo ni ya malonda. Imene muyenela kufunsa ni RMS, ndiyo mphamvu imene amp ingatulutse nthawi yaitali osatopa. Woofer nayo ili ndi RMS yake. Ziwili izi zifunika kuyandikana.

Ngati wogulitsa ayamba kuzungulila, pali njila yomugwila. Yang'anani ma fuse amene ali pa thupi la amp. Ya mwana uyu inali ndi fuse imodzi ya 30 amps. Motoka ikalila, malaiti ake akhala pafupi ndi 14 volts. Chulukitsani 30 ndi 14, mupeza 420 watts. Apo ndiye pothela pa zimene zingalowe mu amp fuse isanaduke. Ndipo si zonse zimene zifika ku woofer, zina zitayika ngati kutentha. Amp ya Class D itaya pang'ono, itulutsa pafupifupi 80 pa 100. Ya Class AB itaya zambili, nthawi zina kufikila theka. Ndiye 3000 ija, kukamba zoona, ni 300 ndi kanthu. Kuti amp itulutse 3000 watts yeniyeni ifunika kukoka kupitilila 250 amps, pamene alternator ya tumotoka twathu tung'ono ipeleka pakati pa 70 ndi 100 chabe, ndipo pa yomweyo pali ma headlamp, fan, wiper ndi aircon. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele.

Osakhumudwa. 300 watts RMS mu Corolla, Vitz kapena RunX ni bass yokwana, mungaimvele m'chifuwa.

Nkhani ya ma ohm

Apa ndipo ambili aonongela ndalama. Woofer iliyonse ili ndi nambala ya ma ohm, kambili 4 kapena 2. Ma ohm akachepa, amp ikoka moto wambili ndipo itentha maningi. Amp iliyonse ili ndi malile ake, alembedwa mu kabuku kake kapena pa thupi.

Mukatenga ma woofer awili a 4 ohm, mwalumikiza plus ku plus, minus ku minus, amp iona 2 ohm. Mukawalumikiza motsatana, kuchoka pa minus ya woyamba kupita pa plus ya wachiwili, iona 8 ohm. Ma woofer ena ali ndi ma coil awili mkati, muona malo anai omangapo nthambo. Imodzi yotele ya ma coil a 4 ohm ingamangidwe kukhala 2 kapena 8. Ziwili zotele zingapeleke 1 kapena 4.

Manje chenjelani apa. Amp ya monoblock, imene inapangidwila woofer, kambili ilola 2 ohm, zina mpaka 1. Koma amp ya ma channel awili mukaimanga bridge, ndiko kuti ma channel onse awili akankhila woofer imodzi, zambili zifuna 4 ohm osachepela. Mukaipatsa 2, ilila bwino pa shopu, mulipila, mufika pa Kafue roundabout yazima, kalaiti kofiila ka protect kayaka. Mubwelela, akuuzani ati batili yanu ni yofooka. Si batili iyayi.

Nthambo ndiyo msana

Amp ni chinthu chanjala. Nthambo imene ichoka ku batili kupita ku boot iyenda mamita anai kapena asanu, ndipo ikakhala yoonda itentha monga waya wa pa stove. Kukula kwake apima ndi gauge, ndipo nambala ikachepa nthambo ikula. Kufikila 400 kapena 500 watts RMS, 8 gauge ikwana. Kufikila 1000, gulani 4 gauge. Kupitilila apo ni 0 gauge, ndipo mufunika kuyamba kuganizila za alternator.

Koma pali chinyengo chimene mudala anationetsa. Anatenga kachidutswa ka nthambo yakupsa ija, anasenda. Kunja yonenepa monga chala, mkati tuwaya tochepa monga tsitsi la mwana, zotsala zonse ni pulasitiki. Anapala tuwaya tuja ndi mpeni, mtundu wofiila unachoka, panatsala zoyela. Imeneyo aitcha CCA, ni aluminium yopakidwa kopa pamwamba. Aluminium ipititsa malaiti pafupifupi 60 pa 100 poyelekeza ndi kopa, ndipo ikamwa chinyontho isanduka ufa pa ma terminal. Ife a dziko la kopa, kugula aluminium yopaka utoto, si manyazi amenewo?

Yeniyeni alemba OFC, ilema m'manja, ndipo mukapala ikhalabe yofiila. Ngati simuipeza, welding cable ya kopa ya 16 kapena 25 mm isebenza bwino kwambili, ipezeka mu ma hardware. Ilibe mtundu wokongola, koma palibe amene aona nthambo pansi pa carpet.

Fuse ikhale pafupi ndi batili

Apa ndipo panatsala pang'ono kutayika moyo. Anthu ambili aganiza kuti fuse ya pa amp ikwana. Ija iteteza amp chabe. Nthambo yonse kuchoka ku batili ili ndi moto nthawi zonse, olo key ili m'thumba mwanu, inu muli mtulo. Ikang'ambika ndi kukhudza chitsulo cha motoka, batili itulutsa ma amps mahandiledi nthawi imodzi, nthambo ifiila, pulasitiki iyaka.

Ndiye fuse yaikulu ifunika kukhala pa nthambo yofiila, pasapitilile 45 cm kuchoka pa batili. Kukula kwake kutsatile nthambo: pa 8 gauge fakani ya 40 kapena 50 amps, pa 4 gauge ya 100. Ikaduka, sakilani chimene chaidula. Osamangapo waya wa hanger kapena pepala la siliva la mu paketi ya fodya.

Ndipo yang'anani pamene nthambo ichoka ku engine kulowa mkati. Anyamata aja anaboola chitsulo, anaponyamo nthambo yopanda chotchinga. Masabata awili a ma hump ndi maenje a mu komboni anakwana kuti chitsulo chidye pulasitiki. Pa chiboo paja pafunika labala imene aitcha grommet, kapena pitishani pa labala imene ilipo kale ya ma waya a motoka. Fuse ndi labala pamodzi, mtengo wake sufika olo pa mafuta amene taxi imwa tsiku limodzi.

Earth, remote ndi RCA

Nthambo ya earth ikhale yonenepa chimodzimodzi ndi yofiila, ndipo yaifupi, theka la mita ni bwino. Pomanga, palani penti mpaka chitsulo chiwale, fakani terminal yabwino, mangani ndi bolt yolimba, pamwamba pakani grease kuti isachite nguwe. Kasikulu kang'ono ka pa pulasitiki ya boot si earth. Earth yoipa ndiyo ibweletsa kuzimazima kwa amp ndi kulila kwa "wiii" kumene kukwela mukaponda mafuta.

Remote ni kanthambo kang'ono kamene kauza amp kuti iyake. Pa mawailesi ambili ogula, ni ka blue kali ndi mzele woyela. Ka blue kopanda mzele ni ka aerial, pa mawailesi ena kazima mukachoka pa FM kupita ku USB, ndiye mudabwa bass yasowa. Ndipo musalole kuti munthu adumphitse remote kuitenga pa nthambo ya batili. Amp sizazima, m'mawa muzadzutsa ma neighbour kuti akukankheni.

Nthambo za RCA, zimene zinyamula nyimbo kuchoka ku wailesi, zipite mbali ina ya motoka, ya batili mbali ina. Ngati wailesi yanu ni ija inabwela ndi motoka kuchoka ku Japan, ilibe potulutsila RCA, mufunika kabokosi kochedwa line output converter, kapena amp imene ilandila nthambo za ma speaker.

Ntchito yonse iyi ichitike terminal ya minus ya batili ili yomasula. Fuse ndiyo ilowa pothela.

Gain si volume

Manje tafika pa mtima wa nkhani. Mudala atamaliza ma waya, anakankha woofer pang'onopang'ono ndi zala. Inamveka kukwecha mkati monga muli mchenga. Ananunkhiza, anati: "Iyi nayo yafa." Mwana anafuna kulila. Woofer ya masabata awili.

Chinaipha ni kanobu kolembedwa Gain kapena Level. Anyamata aja anakapotoza mpaka pothela, bass boost nayo mpaka pothela, chifukwa customer akamva chongo alipila mwamsanga. Koma gain siiwonjezela mphamvu ya amp. Nchito yake ni kulinganiza amp ndi mphamvu imene wailesi itumiza. Mukaipitiliza, amp ifika pothela pake volume ikali pansi, ndipo mukakweza futi iyamba kudula nsonga za mau. Amisili aitcha clipping. M'makutu bass imveka yauve, monga munthu amenya chitseko cha malata. Mkati mwa woofer coil ingotentha mpaka guluu ndi vanishi zipsa.

Kuika gain bwino sikufuna makina odula. Mufunika multimeter ndi calculator ya pa foni. Tengani RMS ya amp pa ma ohm amene mwamanga, kapena RMS ya woofer ngati ndiyo yochepa. Chulukitsani ndi ma ohm, ndiye dinani square root. Ife tinagula woofer ina ya 300 watts RMS, tinaimanga pa 2 ohm. 300 kuchulukitsa ndi 2 ni 600, square root yake ni 24.5. Amenewo ndiwo ma volts amene tisakila. Wa 500 watts pa 2 ohm asakila 31.6.

Chotsani nthambo za woofer pa amp. Pa wailesi zimitsani loudness, bass ndi treble zikhale pa 0. Pa amp bass boost pa 0, gain pansi penipeni, low pass itseguke mpaka pamwamba. Lizani engine. Fakani test tone ya 50 Hz, ipezeka pa intaneti mahala. Kwezani volume ya wailesi mpaka magawo atatu mwa anai: ngati ithela pa 40, imani pa 30. Multimeter ikhale pa AC volts, igwile pamene pachoka nthambo za woofer. Potozani gain pang'onopang'ono mpaka muone nambala yanu, ndiye chotsani dzanja. Zimitsani, bwezani woofer. Kuchoka tsiku limenelo volume yanu ithela pa 30 ija, osapitilila.

Pa amp ya mwana uyu, nambala inakwana kanobu kasanafike olo pa theka. Anayang'ana mudala monga amubela. "Ba mudala, apa chabe?" Mudala anati: "Apa chabe. Kwasala uko ni kwa kugula woofer ina."

Tunobu twina

Low pass, kapena LPF, ikani pafupi ndi 80 Hz. Woofer ni ya mau a pansi. Ngati mumva mau a woimba achokela ku boot, mwaikweza maningi. Ngati wailesi ili ndi high pass ya ma speaker a m'zitseko, nayo ikani pa 80, azaleka kung'ung'udza ndipo azakhalitsa.

Subsonic ni yofunika ngati bokosi lanu lili ndi chiboo chotulutsila mphepo. Pansi pa mau amene bokosi linapangidwila, woofer ivina yopanda choigwila, ingathe kung'ambika. Pa mabokosi ambili 25 kufika 30 Hz ikwana. Bokosi lotseka konse silivuta kwenikweni. Ndipo bokosi likhale la MDF ya 18 mm, lomata bwino, la saizi imene opanga woofer analemba. Akalipentala athu aidziwa nchito, apatseni miyeso chabe.

Bass boost isiyeni pa 0. Kukweza 3 dB kufuna mphamvu kawili, 6 dB kufuna kanai. Amp ya 300 watts siingazipeze, izangobwelela ku clipping ija.

Phase ili ndi 0 ndi 180. Khalani pa mpando wa dalaivala, wina asinthe kumbuyo, siyani pamene bass imveka yodzala.

Malaiti akayamba kuphethila

Ngati usiku ma headlamp aphethila pamodzi ndi ng'oma, motoka ikuuzani kuti yalema. Pimani pa amp engine ili kulila: pafunika kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Ikagwa kufika ku 12 bass ikamenya, yambani kuona earth ndi ma terminal a batili, kenaka nthambo zimene zichoka ku alternator kupita ku batili ndi ku batili kupita ku chitsulo. Azakugulitsani capacitor ya tumalaiti twa blue, koma capacitor siipanga malaiti, isunga chabe tochepa. Mwini nchito ni alternator. Ndipo kuliza nyimbo pa car wash kapena pa braai engine ili yozima ndiko kupha batili.

Inu a ma Rosa ndi ma Canter, kumbukilani kuti zambili mwa izi ziyendela 24 volts, mabatili awili. Amp ya motoka ni ya 12. Kutenga moto pa batili imodzi kuononga onse awili, chifukwa imodzi ikhala yanjala, ina idya mopitilila. Gulani converter yokwana, kapena amp ya 24 volts. Inu a ma hybrid monga Aqua ndi Prius, nthambo za orange musazikhudze ngakhale pang'ono, muli malaiti angaphe munthu. Pitani kwa amene aidziwa.

Amp nayo ifuna mphepo. Kutentha kwa October mu boot si maseweela. Musaikwilile pansi pa carpet kapena pakati pa masaka a makala, ndipo imangeni ndi masikulu, koma muyambe mwasuzumila pansi kuti musaboole tanki ya mafuta. Bokosi nalo limangidwe. Mukaponda brake mwadzidzidzi, bokosi losamanga lisanduka mwala.

Mmene zinathela

Bwana wa motoka anakalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Mwana analipila yekha carpet, ma waya ndi woofer yachiwili, cashing ya masabata awili inalowa nkongole kwa ine. Ku shopu kuja anabwelelako, anamuuza ati guarantee ithela pa chitseko. Chimene chimusowetsa tulo si ndalama. Akamba kuti akatseka maso aona mzimayi uja atuluka m'motoka akukumbatila mwana, nsapato imodzi yatsala mkati.

Manje Corolla ilila futi. Number plate siinjenjema monga kale, koma kalindula imveka bwino, bass guitar uitsatila chingwe chilichonse. Iye mwini anavomela kuti imveka bwino kupambana poyamba, ngakhale anakamba motsitsa mau.

Musanachoke pa shopu iliyonse, funsani zinthu zinai: RMS ni zingati, mwamanga pa ma ohm angati, fuse ya ku batili ili kuti, ndipo gain mwaipima ndi chiyani. Wodziwa nchito azakondwela kukuonetsani. Amene akalipa, tengani katundu wanu mupite kwina. Safunsa anadya phula.

Ndipo ikalila bwino, kumbukilani kuti mseu si wanu nokha. Tsitsani pa nyumba ya malilo, pafupi ndi chipatala, ndi mu komboni usiku anthu akagona. Ngati simungamve hutala kapena ambulance kumbuyo kwanu, yakwela maningi. Mukatsika m'motoka makutu ali kulila okha, ni chenjezo limenelo, ndipo makutu alibe spare ku Kamwala.

Lelo madzulo tsegulani bonnet, tsatilani nthambo yofiila kuchoka pa batili. Mukayenda chikhato chimodzi, ziwili, osapeza fuse, imasuleni pomwepo, nyimbo ziyembekeze. Za matayala tizakamba sabata ya mawa.